Tambala Amene Anathawa pa Chinkhoswe Changa

Tadala, bwezera chikho chimenecho pamene wachitenga. Agogo ako aakazi akabwera kuchokera kukwaya n'kupeza mapegisi awo ali mbwee pansi, usadzati sindinakuuze. Inde, n'changa, ndinachipata pa mpikisano wothamanga. Chimene ukuseka n'chiyani, Yamikani? Ukuganiza kuti munthu amabadwa ndi ndodo m'manja? Miyendo mukuiona ikunjenjemerayi inadyetsapo anthu fumbi kuyambira ku Dedza mpaka ku Zomba, ndipo inatsala pang'ono kundimanitsa agogo anuwo. Akanandimana, nonsenu bwenzi kulibe. Ndiye khalani pansi mumve mmene munapulumukira.

Kuthamanga sindinaphunzire kwa munthu. Ndinakulira ku Kawale, bambo anga atachoka ku Ntcheu kudzagwira ntchito yomanga, mzinda uno ukadali tchire ndi maenje a njerwa. Mayi ankaphika mbatata m'mawa, koma mbatata ya mayi inkachedwa kupsa chifukwa nkhuni zathu nthawi zonse zinali zaziwisi. Ine kupita kusukulu ndi njala ndinkakana. Belu la pasukulu pathu chinali chitsulo cha gudumu la lole chopachikidwa mumtengo. Likalira koyamba ndimakhala ndikadali pamoto kudikira, likalira kachiwiri ahedi amaima pachipata ndi mkwapulo. Choncho ndinkanyamuka belu loyamba litalira kale, mbatata yamoto ndikuiponya dzanja ili ndi ili, n'kukadutsa pachipata ahedi akungokweza kumene mkono. Pamapeto pake anatopa nane, n'kundipereka kwa aphunzitsi a zamasewera kuti mwina iwo apeza chochita nane.

Inu masiku ano mumati munthu asanathamange agule kaye nsapato. Amalume anu a ku Area 49 amachita kulipira kuti akathamange pa makina m'nyumba ya magalasi, thukuta kamukamu koma osasuntha n'komwe, akatero n'kukwera galimoto kubwerera kwawo. Ine ndikawaona mutu umandipweteka. Ife tinkathamanga opanda nsapato, pabwalo la minga, mizere yake yothira phulusa. Kusekondale ndinakaphunzira ku Dedza, kumene m'mwezi wa Juni zala zakuphazi suzimva kuti zilipo. Mipikisano yanga inali yaitali ija, yozungulira bwalo mpaka oonerera atope kuwerenga. Anzanga anandipatsa dzina loti Kamvuluvulu, ndipo atsikana a sukulu zina ankabwera kudzandiona, koma zimenezo musakawauze agogo anu.

Mphotho zake sizinali zoti n'kulemera nazo. Ukapambana ankakupatsa ndowa, beseni, bulangete kapena sopo wochapira, koma makamaka ndowa. Pofika Folomu 4, nyumba yathu ku Kawale inali itadzaza ndowa moti kukagwa maliro m'dera lonselo anthu ankayamba athamangira kwathu kukabwereka. Tsiku lina ndikufika ndi ina yatsopano, mayi anangoiyang'ana n'kuusa moyo.

“Ndowa zakwana, mwana wanga,” anatero. “Tsopano kaphunzire ntchito yoti tizipeza choikamo.”

Kukoleji ku Zomba ndinapitirizabe kuthamanga, ndipo n'kumene ndinavala koyamba nsapato zija za misomali kunsi. Zinandiluma zala moti pakati pa mpikisano ndinakhala pansi n'kuzivula, n'kumaliza nditazigwira m'manja, koma woyamba ndinali ine ndemwe. Chikho chosungira mapegisichi n'cha tsiku limenelo. Za malamulo ndinazisankha chifukwa aphunzitsi anga onse ankadandaula chinthu chimodzi, kuti pakamwa panga pamathamanga kuposa miyendo. Ndinkatsutsa chilichonse, ngakhale zimene ndanena ndekha dzulo lake. Mphunzitsi wina anandiuza mosabisa kuti munthu wotere akapanda kukhala loya, loya amamufuna posachedwa. Ndinaona kuti kuli bwino ndikhale woyambayo.

Nditamaliza ndinabwerera ku Lilongwe n'kuyamba ntchito kwa loya wina wachikulire ku Old Town. Masiku amenewo maminibasi anali asanadzaze msewu ngati lero. Kunali mabasi aakulu oyenda ngati akudwala nyamakazi, ndipo akakusiya umaiwala zofika nthawi yabwino. M'mawa wina pa siteji ya ku Biwi ndinaona mtsikana pawindo la basi, ndipo ndikuti ndikwere, basi inanyamuka. Ndinaitsatira wapansi. Ndinathamanga m'mbali mwa windo lomwelo, ndili mu suti, chikwama kukhwapa, kenako ndinaipitirira n'kukaima pa depoti kumudikira, ndikupukuta thukuta ndi tayi. Mtsikanayo anatsika akuseka mpaka misozi. Ameneyo ndiye Esinati, agogo anu. Chimene sindinadziwe n'chakuti bambo amene anakhala pambali pake, akundiyang'ana ndi nkhope yapamaliro, anali malume ake, a Mbewe.

Inu ana a m'tauni mumaganiza kuti mwana wamkazi amaperekedwa ndi bambo ake. Kwathu mwini mbumba ndi malume, akakana iwo nkhani yatha. Komanso Esinati anakulira m'manja mwa a Mbewe ku Biwi konko, makolo ake ali kumudzi ku Dedza. A Mbewe anali telala pakhonde la sitolo, mkulu wa mpingo, munthu woyenda pang'onopang'ono ngati wasenza mazira. Biwi yonse inkawadziwa kuti bodza sanena. Akakuuza kuti thalauza lako litha Lachisanu, linkathadi Lachisanu, ndipo amene munasoketsapo zovala mukudziwa kuti kwa telala chimenecho n'chozizwitsa.

Tsono bambo ameneyu anali ndi chiphunzitso chake, choti munthu wamkulu sathamanga. Ankati wothamanga ndi mwana, wakuba, kapena amene watsegula m'mimba. Esinati atawauza kuti mnyamata wa pa basi uja akufuna kutumiza ankhoswe, anaimitsa makina osokera.

“Amagwira ntchito yanji?”

“Ndi loya, malume.”

“Loya si uja amaimira mbava kukhoti?”

“Amaimira aliyense, malume.”

“Ndiye kuti akaba amathawa, akagwidwa amadziwa chonena. Mwana wanga, amuna atha m'Lilongwe muno?”

Nkhoswe yanga anali malume anga, a Jelemiya, munthu wamfupi wokonda kulankhula pagulu. Anayenda ulendo wa ku Biwi mpaka nsapato kutha chidendene, a Mbewe akungoti tiganize kaye. Mvula inabwera n'kupita, anthu anakolola, ine ndikuonda. Ndinkamukonda mtsikana ameneyu, ana inu, kumukonda koiwala nako kudya. Kukhoti ndinkatha kuimirira n'kuiwala dzina la munthu amene ndikumuimira. Potsiriza akazi awo a Mbewe ndi amayi a kumpingo anawapanikiza mpaka analola kuti chinkhoswe chikonzedwe, koma anaikapo mawu.

“Konzani,” anatero. “Ine ndidzamuyang'ana tsiku lomwelo. Tambala wawoyo ndikapanda kumulandira ndi manja angawa, anthu adzadye n'kubalalika. Ukwati sudzakhalapo.”

Zinkhoswe za masiku ano mumangoona zovina ndi zojambulana pafoni, ndiye mwina simudziwa. Chimene chimamanga nkhani ndi nkhuku ziwiri. Nkhoswe ya kuchimuna imapereka tambala, ya kuchikazi imabweza msoti, anthu onse akuona. Zikasinthana manja, mabanja awiriwo alumikizana. Zikapanda kutero, zonse zija ndi phwando chabe.

Kutatsala pang'ono, a Jelemiya anandikhazika pansi n'kundipatsa malamulo awiri.

“Choyamba, usathamange. Ngakhale nyumba ikupsa, uziyenda ngati munthu woti ali ndi ng'ombe kwawo. Chachiwiri, usalankhule. Pachinkhoswe mkamwini alibe pakamwa, pakamwa pako ndine.”

Mwaona? Mphatso zimene Mulungu anandipatsa zinali ziwiri zokha, miyendo ndi pakamwa, ndipo zonse anandilanda tsiku limodzi.

Tsikulo linafika, m'mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Pabwalo la a Mbewe anamanga chisakasa cha masaka n'kubwereka mabenchi a kutchalitchi. Ine ndinalowa ndikuyenda mwakachetechete, moti azakhali ena anafunsa ngati ndili ndi chithupsa. Atsikana anatuluka atafunda zitenje kumutu, ndipo Esinati ndinamudziwa msanga chifukwa chitenje chake chokha n'chimene chinkagwedezeka ndi kuseka. Anatikhazika pamodzi, tonse titazolika monga mwa mwambo. Zonse zinkayenda bwino. A Mbewe anakhala kutsogolo kwathu atapinda manja, maso ali pa ine, koma chonditola nacho anachisowa.

Ndiye inakwana nthawi ya nkhuku. Tambala wathu anachita kuchokera ku Ntcheu pa basi, wamawangamawanga, wamtali ngati mwana wa mbuzi, miyendo yomangidwa ndi luzi. Akanangomupereka momwemo, bwenzi nkhaniyi itathera pomwepa. Koma a Jelemiya anaona gulu, mtima wa pa msonkhano n'kuwagwira.

“Tambala wa kwathu saperekedwa chigonere ngati wodwala chitopa,” anatero mokweza. “Aime, anthu a ku Dedza amuone!”

Anamasula luzi n'kumuimika patebulo. Tambala anaima, anayang'ana a Mbewe, anayang'ana msoti umene ankati akhale mnzake, ndipo zikuoneka kuti sanakhutire. Anakupiza mapiko, anaponda pamutu pa a Jelemiya, n'kudumpha mpanda.

Kenako amayi anayamba kunong'onezana kuti awa ndi malodza. Achinyamata anathamangira kuseri, koma posakhalitsa anabwerera manja lendelende, akuti walowera kumagalaja. A Jelemiya anayamba kulongosola kuti nkhuku ina ikhoza kugulidwa, a Mbewe osawayang'ana n'komwe. Ndinaona a Mbewewo akutola Baibulo lawo pabenchi n'kuliika kukhwapa.

“Zadzionetsa zokha,” anatero.

Ine ndili duu pampando, miyendo ikundiyabwa. Pamenepo Esinati, mutu uli chozolika ngati mtsikana wamanyazi, analankhula motsitsa mawu.

“Ndowa zonse zija anakupatsani chifukwa chokhala pampando?”

“Malume anati ndisathamange.”

“Amene akukwatira ndi malume anuwo?”

Ana inu, mpando umene ndinakhalira mpaka lero sindidziwa kuti unagwera kuti. Mpanda uja ndinaudumpha pamene anadumphira tambala. Biwi ya nthawi imeneyo inali ya tinjira tating'ono ngati lero, zingwe za zovala pakhosi, ngalande kumapazi, ana ndi mabeseni paliponse. Tambala ndinamuona pafupi ndi owotcherera zitsulo, akutola chimanga ngati sanapalamule. Atandiona anauyatsa. Pabwalo la mpikisano anzako amathamanga molunjika, koma nkhuku ilibe mwambo. Analowa pansi pa lole yakufa, anatulukira m'bafa la eni ake, muli munthu, anadutsa pakati pa anthu osewera bawo n'kubalalitsa nkhomo zonse. Koma ine ndinali wa mitunda yaitali, ndinkadziwa kuti liwiro la nkhuku silikhalitsa. Ndinangomutsata mpaka anayamba kuyasamula kukamwa, mapiko ali pansi. Ndinamugwirira pabwalo la mayi wina wogulitsa makala, kuseri kwa matumba. Poopa kuti angandipulumukenso, ndinamulowetsa m'jekete n'kumanga mabatani.

Tangoganizani zimene mayiyo anaona atatuluka m'nyumba. Mwamuna wachilendo, wa suti, makala kumaso, akutuluka kuseri kwa matumba ake, mchira wa nkhuku ukuonekera pamimba.

“Wakubaaa! Nkhuku yanga, anthuni! Wakuba!”

Apa ndiye ndinachita zimene wothamanga aliyense akanachita. Thupi langa linazolowera kuti anthu akakuwa kumbuyo ndiye kuti mpikisano wafika pokoma. Ndinawonjezera liwiro. Pocheuka, Biwi yonse ili pambuyo panga, amakanika ndi masipanala, amayi ndi mithiko, a bawo aja, ngakhale bambo wa m'bafa uja ali ndi sopo kumutu. Sizinali zoseketsa ngati mmene mukusekeramu. Wakuba akagwidwa m'makwalala athuwa sayamba n'kufunsidwa dzina.

Kundipeza sakanandipeza, zimenezo ndinkadziwa. Ndikanatha kuwazungulitsa mpaka ku Kawale n'kubwera nawo. Koma ndikuthamanga choncho nzeru zinandibwerera. Kodi ndikupita kuti? Ndikalowe pachinkhoswe changa ndi chigulu chikukuwa kuti wakuba, pamaso pa munthu amene wakhala akunena zomwezo chaka chathunthu? Ndikanafika ndi tambala, koma mkazi ndikanamutaya. Ndiye ndinachita chinthu chovuta kuposa mipikisano yonse imene ndinathamangapo. Ndinaima pakati pa msewu n'kutembenuka.

Anandifika ngati njuchi. Wina khofi, wina kundikoka tayi, nsapato imodzi n'kusowa pomwepo. Tambala ndiye sindinamutaye. Miyendo itandikanika, ndinati nditulutse mphatso yachiwiri.

“Taimani, abale anga! Munthu salangidwa asanamvedwe. Umboni woti nkhukuyi ndi ya mayiwa uli kuti?”

“Tamumvani, aise,” anatero makanika wina wamkulu thupi, sipanala ili m'manja. “Akuyankhula ngati loya.”

“Ndine loyadi!”

“Eee! Loya wakuba nkhuku! Ameneyu ndiye tim'menye kawiri. Wina wa mtundu wake anandidyera mlandu wanga.”

Sukulu yonse ya ku Zomba inathera pamenepo. Ndinayesa kunena za chinkhoswe, koma mawu anga sankamveka. Ndinatseka maso, ndikuganiza za mayi anga ndi ndowa zawo. Ndinachita mantha, ana inu, mantha enieni.

Mwadzidzidzi phokoso linayamba kuzirala kuchokera kumbuyo. Anthu anapatuka, ndipo pakati pawo panatulukira a Mbewe. Makanika uja anatsitsa sipanala, chifukwa naye ovolosi yake ankasoketsa pakhonde lomwe lija.

“Madala, mwabwera bwino. Mbavayi ikuti ikuchokera kwanu. Mukuidziwa?”

A Mbewe anandiyang'ana kuyambira kuphazi lopanda nsapato mpaka kumutu. Ndinali ndendende munthu amene anamulosera, wothamanga, wogwidwa ndi nkhuku m'jekete, wodziwa chonena. Sankafunika n'kunama komwe. Akanangoti mnyamata ameneyu si wa m'banja langa, chikanakhala choonadi, poti nkhuku zinali zisanasinthane. Akanatembenuka n'kumapita, mwana wa mlongo wawo akanamupezera telala mnzawo woyenda bwinobwino. Ine ndinangozolika. Lamulo la a Jelemiya loti ndisalankhule ndinalisunga pa nthawi yokhayo.

A Mbewe anatembenukira kwa makanika uja.

“Ameneyu ndi mkamwini wanga,” anatero. “Nzeru zamuchepera lero, koma sanabe. Tambalayo ndi wanga. Bwerani naye kuno.”

Anatambasula manja onse awiri. Ndinamasula mabatani, n'kugwada pafumbi pomwepo, pakati pa msewu wa ku Biwi, n'kupereka tambala amene ankayenera kuperekedwa ndi nkhoswe pansi pa chisakasa. A Mbewe anamulandira n'kumupana kukhwapa, mbali imodzi Baibulo, mbali ina nkhuku.

Mayi wa makala uja anafika mochedwa, akupuma movutikira. Anasuzumira kukhwapa kwa a Mbewe n'kukwinya nkhope.

“Iii, si ameneyu. Wanga ndi wofiira.”

“Nanga mumakuwiranji, mayi?” anafunsa makanika.

“Ndinaona munthu akuthamanga.”

Gulu linabalalika, ena akuseka, ena okhumudwa kuti athamanga pachabe. Makanika anandibwezera tayi wanga, ndipo nsapato ija inapezeka m'ngalande. Wina anafunsa ngati kuchinkhosweko kwatsala chakudya, moti theka la anthu amene ankafuna kundipha anatitsatira kukadya mpunga wathu.

“Tiyeni, akamwini,” anatero a Mbewe.

Kanali koyamba kundiitana ine mwini choncho. Ndapambanapo milandu ikuluikulu m'moyo wanga, ya malo, ya amasiye olandidwa nyumba, ina yoti anthu anandinyamula pamapewa potuluka m'khoti, koma palibe chigamulo chimene chinanditsitsa misozi ngati mawu amenewo. Ndinalira ngati mwana, makala akuyenderera m'masaya.

Tinayamba kubwerera, iwo patsogolo, ine pambuyo monga mwa ulemu. Ndili pambuyopo m'pamene ndinayamba kuona zinthu. Jekete lawo linali litanyowa msana wonse. Mapewa ankakwera ndi kutsika, mpweya ukuchita kulira pakhosi. Thalauza lawo, limene nthawi zonse linkakhala lositidwa bwino, linali matope a m'ngalande mpaka m'mawondo. Ndipo chipewa chawo, chimene ankachivula m'tchalitchi mokha, pamutu panalibe. Kuchokera kunyumba kwawo kufika pamene anandigwirira panali kamtunda ndithu, ndipo munthu woyenda ngati a Mbewe akanandipeza nditafa kale.

Pakamwa panga mukupadziwa. Ndinayesetsa kupagwira, koma panandipulumuka.

“Abambo, chipewa chanu chili kuti?”

Sanacheuke. Anangokonza tambala kukhwapa.

“Mphepo,” anatero.

Tsiku limenelo kunalibe mphepo, ana inu, ngakhale pang'ono. Moyo wanga wonse ndakhala ndikupanikiza mboni ndi mafunso mpaka zina kulira m'bokosi, koma mboni imeneyo sindinaifunsenso funso lachiwiri, kufikira tsiku limene tinakaiika m'manda ku Dedza.